Mpendero Wokhota wa Diresi la Ukwati

Masana amenewo atelala ankaona nsalu zikuyandama m'chipinda chawo chosokeramo. Diresi loyera la mwana wawo, lomwe analipachika pa zenera, linkagwedezeka lokha ngati likupuma. Thupi linali moto, koma mano ankagundana ndi kuzizira.

Anali atangotuluka kuchipatala komwe anawachita opaleshoni ya m'mimba. Adokotala anawauza kuti apume. Koma ukwati wa mwana wawo wamkazi unali pafupi, ndipo atelalawa ndi nkhutukumve. "Makina timapalasa ndi phazi, osati mimba," iwo ankatero. Anapalasa, napalasa, mpaka bala linatseguka kumapeto. Analiyang'ana ndi diso la ntchito yawo, n'kuona msoko womasuka basi. Anadula nsalu yotsala pa diresi, anamanga pamimba zolimba, n'kuvala malaya, osauza munthu.

Akazi awo atalowa anawapeza akumwetulira khoma.

"Bambo a mwana, mukuseka ndi ndani?"

"Ndi amayi anga. Taonani, akundipindira mpendero wa diresi."

Amayi awowo anamwalira kalekale. Mantha anawagwira akazi aja, ndipo anathamangira kwa namwino woyandikana nawo nyumba, yemwe ankayanika zovala panja.

"Achemwali, tabwerani! Kaya ndi mankhwala akuchipatala aja akuwalotetsa amuna anga masanasana, kaya n'chiyani."

Namwino atafika anawagwira atelala pachipumi, kenako anamasula nsalu ija. Bala linali lofiira, lotupa, likutuluka mafinya.

"Si mankhwala ayi, bala lalowa majeremusi," anatero namwino. "Thupi kutentha, mafinya, kubwebweta, zimenezi sizidikira tsiku limene anakuuzani kuti mudzabwerenso. Itanani galimoto pompano. Musawapatse chakudya, mwina awachitanso opaleshoni."

"Nanga diresi?" atelala anafunsa chapansipansi.

"Alamu, diresi silitupa. Tiyeni!"

M'galimoto msewu unkaoneka ngati nsalu yaitali imene wina akuyifunyulula patsogolo pawo. Atelala ankafuna kuyiyeza, koma manja anali olemera. Kuchipatala sanaime pamzere; anawalowetsa kolandirira odwala mwadzidzidzi. Anatsuka bala, n'kuwaika diripi ndi mankhwala opha majeremusi.

Atatsegula maso, khoma linali khoma, ndipo nsalu zonse zinali zitatera. Mwana wawo anali pambali pa bedi, maso ali ofiira.

"Adokotala akuti tikanachedwa, matendawa akanalowa m'magazi," anatero mwanayo. "Adadi, ine ndikufuna inuyo pa ukwati wanga. Diresi ndikhoza kubwereka. Nanga bambo ndikabwereka kuti?"

Atelala analira, osachita manyazi.

Ulendo uno anapumadi. Mankhwala anamwa onse, ndipo bala ankalitsukitsa kuchipatala. Diresi analimaliza mayi ndi mwana wawo, makina akulira mododoma, mwini wake atakhala pampando n'kumaluma mlomo.

Tsiku la ukwati, atelala anaona msanga kuti mpendero wakhota kumanzere. Anagwira dzanja la mwana wawo n'kuyenda naye pang'onopang'ono, diresi likuyandama pambali pawo, koma tsopano ali maso.

Kutuluka m'chipatala sikutanthauza kuti mwachira. Mukachitidwa opaleshoni, pumani monga mwauzidwira. Bala likatseguka, likatupa kapena kutuluka mafinya, thupi likatentha kapena mutu ukasokonezeka, musabise ndipo musadzimange nokha. Bwererani kuchipatala nthawi yomweyo.