Pulizi wa a Griffin

A Griffin Mhango anaphunzitsa Chizungu mpaka imvi, ndipo sankatopa ndi kulankhula. Koma m'mawa umene anagwa kuseri kwa chigafa cha fodya ku Katowo, anawatola pakamwa patapotoka, dzanja lamanja lili lende. Chitumbuka chinathawa. Chichewa chimene anafunsirira mkazi wawo, a Rahab a ku Ntcheu, nachonso chinathawa. Kunatsala liwu limodzi lokha: pulizi.

Liwuli a Rahab ankalidziwa mpaka kutopa nalo. Amuna awo ankati Azungu akale ankanena mawu aatali otanthauza kuti "ngati kungakukomereni", kenako ulesi utawagwira anawadula mchira. Ankati ndi liwu lopemphera mchere, lochondelera moyo, komanso lokalipira mwana osakweza mawu. Zonsezo ankazifotokoza nthawi ya chakudya, ndiwo zikuzizira.

Lero a Rahab mtima unali m'mwamba. Mkulu wake wa a Griffin anamwalirira m'chipatala pakati pa anthu osawadziwa, ndipo pobwera kumaliro amunawo anawalumbiritsa kuti iwo tsiku lawo likadzakwana adzawasiye pakhomo. Nanga tsikulo ndi limeneli? Pikapu ya Walusungu, yomwe anansi anaitanitsa kuti iwatengere kuchipatala, inali ikulira kale pabwalo.

A Rahab anagwada pamphasa nafunsa amuna awo ngati akufuna kupita. Pulizi. Ngati akufuna kutsala. Pulizi. Anawapempha kuti agwedeze mutu, koma mutuwo unkangonjenjemera wokha.

"Amama, nthawi yatha chomene," anatero Walusungu.

A Rahab anauza anthu kuti awanyamule. Pofika pachitseko, dzanja lamanzere la a Griffin linagwira felemu zolimba. Anansi anaima, onse maso kwa mayi. A Rahab anaopa kuwasiya kuti afe, anaopanso kuwapereka. Kenako anayamba kumasula zalazo chimodzichimodzi, zala zomwezo zimene zinkawatsegulira buku la nyimbo kutchalitchi.

"Mundikhululukire, bambo a Mtende. Ine sindingathe."

M'galimoto anawagoneka pamatiresi, mutu pamiyendo ya akazi awo. Fumbi linkawatsata, mabampu akuwadzutsa m'mwamba. A Griffin ankapuma bwinobwino, maso ali tong'o, koma liwu lija analisiya. A Rahab anawerama nawanong'oneza kuti anene kanthu, ngakhale kamodzi kokha.

A Griffin anatembenuza nkhope pang'onopang'ono, ndi mphamvu zonse zimene zinawatsalira, n'kuwafulatira akazi awo, kuyang'ana tayala la sipeya.