Mabatani a Atelala

"Pa kafukufuku ameneyu dolo ndine," anatero atelala pa benchi yodikirira, mokweza kuti odwala anzawo amve. "Matenda ofoola minofuwa kwa ine aima nji! Mankhwala akuyesawa andikonda ngati mpongozi wolemera. Ndimavala ndekha. Munthu wosoka mabatani chibadwire, batani lingandigonjetse?"

Akazi awo anangoti zyoli, maso pa nsapato.

Zoona zake zinali kuchipinda. M'mawa uliwonse chitseko chinkatsekedwa kaye, mayiwo n'kuwaveka malaya ngati mwana wa sukulu, batani ndi batani mpaka pakhosi. Zala zomwe kale zinkalowetsa ulusi pa singano mwini wake akukamba nkhani, tsopano supuni inkazipulumuka. Koma anamwino akaimba foni kufunsa za manja, atelala ankayankha kuti, "Ali bwinobwino, achemwali, bwerani ndikusokereni diresi." Ankaopa kuti akanena zoona awachotsa pa kafukufuku, ngakhale palibe anawauzapo zimenezo. Komanso bambo wa pakhomo angaulule bwanji kwa mtsikana kuti amavekedwa?

Ataitanidwa, atelala analowa ndi akazi awo, napeza adokotala sali okha. Anali ndi anzawo awiri, onse nkhope zowala.

"Awa ndi amene ndimanena aja," anatero adokotala. "Anzawo onse manja akunka nafooka, koma awa akuti ayi. Mwina mankhwalawa akutiuza kanthu. Tikuthokoza, bambo, mwatipatsa chiyembekezo."

Atelala anangoseka.

Anamwino anawamasula malaya kuti adokotala amvetsere m'chifuwa. Anawapumitsa, anawauziritsa mpweya m'kachubu, zonse zinatha.

"Basi, valani bambo," anatero adokotala. "Anzangawa aone okha."

Atelala anagwira batani loyamba, linaterereka. Analigwiranso, bowo lili pomwepo likuwayang'ana, koma chala chachikulu chinangogona ngati cha munthu wina.

"Mabatani a masiku ano," anayamba, "amapanga ndi anthu osadziwa…"

Palibe anaseka. Thukuta linatsika m'khosi. Mmodzi mwa anzawo a adokotala aja anatseka cholembera chake pang'onopang'ono.

Apo akazi awo anaika chikwama pansi, nagwada patsogolo pawo.

"Kwezani chibwano, bambo a ana," anatero motsitsa mawu.

Ndipo chibwano cha atelala chinakwera chokha, monga chinazolowerera m'mawa uliwonse.