Malasha a Walter

Yendani Chicago yense, mukafike ku Toronto ndi ku New York komwe, simudzampeza munthu amene anakhalitsa pasiteji osakanapo mawu a mnzake ngati Irv Pawlak. Mwiniwake ankazilengeza m'ndege, m'mahotela, ngakhale kwa anthu ongodzagula makapeti m'masitolo ake.

Zinayambira m'chipinda chakuseri kwa bala ya Stasiak, m'ma 1950. Sewero lolembedwa panalibe. Osewera anali ndi mipando, piyano yoguluka mano, ndi timasewera tomwe aphunzitsi ankachititsa ana a anthu obwera kumene m'dzikomo. Omwa mowa ankangotchula malo kapena ntchito, osewera n'kupeka nkhani pomwepo. Lamulo linali limodzi: chimene mnzako wanena usachikane, chivomere n'kuwonjezapo chako. Anyamata ambiri amene anadzatchuka pawailesi yakanema anakulira m'chipinda chimenecho, ndipo Irv ankati nthabwala zawo n'zake, anangoziveka tayi.

Mnzake wa masiku amenewo anali Dolores Quigley, mkazi wa pakamwa polasa, amene ankatcha Irv kuti Chimphuno. Onse atachita imvi, kunamveka kuti balayo igwetsedwa, ndipo akale anaitanidwa kudzasewera komaliza. Mwana wamkazi wa Dolores anakokera Irv pambali. Anati mayi ake ayamba kuiwalaiwala, ndipo ankaopa kuti akachita manyazi pagulu. Koma Dolores sankamva za kukhala pansi.

"Chimphuno, wanenepa ngati firiji."

"Ndi ndalama zimenezi, mayi, sizipsa ndi dzuwa."

Atakwera pasiteji, wina kumbuyo anapempha za kwa dokotala wa mano. Irv anakoka mpando n'kuyamba kusamba m'manja m'madzi osaoneka. Dolores anangoima, maso ali pamagetsi. Chete uja anatalika mpaka woimba piyano anayamba kuyang'ana pansi. Kenako mayiyo anatembenuka, nkhope ili gwa.

"Walter, wachedwa. Malasha aja wabwera nawo?"

Walter anali mwamuna wake, amene anamwalira kalekale. Akale onse m'chipindamo ankadziwa zimenezo. Irv anaona njira yachidule: kumuuza kuti wasochera, kuno n'kozula mano. Anthu akanaseka ndithu, koma akanaseka Dolores.

M'malomwake anawerama, n'kusenza thumba losaoneka ngati lolemera kwambiri.

"Ndabwera nawo, mkazi wanga. Koma theka ndalipira kwa dokotala wa mano."

Kuseka kunayambira kumbuyo. Dolores atakumva, maso ake anawala ngati kale. Anamulamula kuti ayasame, aone ngati dokotalayo sanamubere. Irv anayasama. Mayiyo anasuzumira nthawi yaitali, akupukusa mutu.

"Wakubera. Lilime walisiya momwemo."

Bala yonse inagwa nako kuseka, mwana uja akupukuta misozi ndi mpango. Kuyambira pamenepo Dolores ndiye ankatsogolera: anamuyatsitsa mbaula, anamukalipira za nsapato zamatope, anamuvinitsa. Irv, munthu wosatseka pakamwa, ankangotsatira. Ngati mayiyo ankadziwa kuti ali m'sewero kapena ayi, palibe anatha kuzindikira.

Anthu akuomba m'manja, Dolores anagwira mkono wa Irv, n'kumunong'oneza kuti, "Walter, tiye kunyumba, kwazizira."

"Tiye," anatero Irv, ndipo anatsika naye masitepe pang'onopang'ono.