Jekete ya a Habib

Chaka cha referendamu, bungwe lina linalengeza maphunziro a kalembedwe ka nkhani ku Mzuzu, ndipo linati osauka liwalipirira. Ine Madi, wogulitsa makala ku Chibavi, ndinalembetsa msanga, poti tsopano munthu unkatha kulemba osaopa boma.

Tsiku la intavyu, mayi anga anakana kuti ndipite ndi shati yanga yobooka. Anakandibwerekera jekete yakuda ya a Habib a golosale, imene Chibavi yonse imabwereka pa ukwati ndi pofunsira ntchito.

Nditangokhala pansi, bambo wina wa komiti anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Achimwene, thandizoli ndi la ovutika. Inu mukuoneka kuti zanu zikuyenda."

Ndinapsa mtima. Ndinafuna kuivula n'kuiponya patebulo pomwepo, ndipo mayi anga ndinawadandaula chamumtima.

Koma wapampando, mayi Mhango, anaseka chapansipansi.

"Musiyeni mwanayu. Jekete imeneyi ndi ya a Habib. Amuna anga anavala yomweyi pa ukwati wathu, batani lapakatili linadukira tsiku limenelo."

Anandiuza kuti ndikayambe Lolemba.

"Yewo chomene," ndinathokoza m'Chitumbuka. Jekete ija ndinakabweza batani nditasokerera.