Maswiti a Pamita ya Magetsi

Telala wina anasiya kupemphera kalekale, ndipo m'nyumba mwake dzina la Mulungu silinkatchulidwa. Ngakhale likanatchulidwa, mwana wake wamkazi sakanalimva. Anabadwa wosamva, ndipo ankalankhula ndi makolo ake okha, pogwiritsa ntchito zizindikiro za manja zimene anapangana atatuwo.

Mkazi wake atayamba kudwala chiwindi, mimba n'kutupa, maso n'kuchita chikasu, telala anasamutsira makina ake osokera pakhonde la nyumba kuti azimva wodwala akaitana. Apa m'pamene anayamba kupeza tinthu pamwamba pa mita ya magetsi: switi, batani lofiira, kachidutswa ka sopo. Ankangochotsa n'kutaya, poopa nyerere.

Tsiku lina masana anamupezerera mwanayo atakwera pampando, akusisita mitayo. Anamugwira paphewa n'kumufunsa ndi manja kuti zinthu zija akumapatsa ndani. Mwanayo analoza kagetsi kofiira kamene kamaphethira pamitapo, kenaka babu lakudenga, kenaka chitseko cha kuchipinda kwa amayi ake. Telala anamvetsa. M'menemo muli wina amene amayatsa nyumba, ndipo mwanayo ankamupempha kuti ayatsenso amayi.

"Mwaonatu, alamu," anatero mkulu wake wa mkaziyo, amene anabwera kudzadwazika. "Inu simunamuuze, ife sitinamuuze. Wadziwa yekha."

"Wadziwa chiyani? Imene ija ndi mita, alamu. Mayunitsi akatha imazima."

"Musiyeni mwana. Nanga inuyo muli n'chiyani choti mumupatse?"

Telala anabwerera pamakina ake.

Mkaziyo anamwalira mvula isanagwe. Anthu atabalalika, mwanayo anakokera bambo ake pamita paja n'kuwafunsa ndi manja ngati zimene ankapereka zinachepa. Telala anafunafuna chizindikiro chonena kuti mulibe aliyense m'menemo, osachipeza. Anangotambasula zikhatho zopanda kanthu. Koma m'nyumba mwawo chizindikiro chimenecho chinkatanthauza kuti chinthu chaperewera, monga shuga akatha. Mwanayo anagwedeza mutu movomereza, navula nsapato zake n'kuziika pamitapo.

Telala anaganiza zosiya kuchotsa, kuti mwanayo aone yekha kuti palibe amene amatenga. Nsapato zinakhala pomwepo mpaka kuyera ndi fumbi. M'mawa uliwonse mwanayo ankapita kukaziyang'ana, n'kubwerako nkhope itagwa. Zoti mulibe munthu sizinamubwerere m'mutu. Iye anaona kuti wa m'mita uja wamukana. Anasiya kudya, ndipo diresi limene bambo ake anamusokera linayamba kumukhwepa.

M'mawa wina mwanayo akusamba, telala anatenga nsapato zija n'kuzibisa pansi m'thumba la zidutswa za nsalu. Mwanayo atapeza kuti zatengedwa anamwetulira, koyamba chimwalirireni amayi ake, ndipo anadya mpaka kupempha zina.

Atatha kudya anasamba m'manja, nanyamula mpando kupita nawo pageti. Anakhala pamenepo moyang'ana msewu umene galimoto inadzera potenga amayi ake. Madzulo amayi ake aakulu aja anapita kukamuitana, koma anakana kulowa. Mawa lake anabwererakonso.