Alijebula ya Pauline

"Tsitsani katoniyo, alamu," anatero Jenifer, mkazi wa malemu.

Christopher anaima pakhomo, katoni ya mabuku ili paphewa. Linali tsiku lachitatu chiikireni m'manda mkulu wake Anderson, ndipo abale ochokera ku Chitala anali atayamba kumanga katundu kuti apeze lole ya masana.

"Mabuku a malemu akupita kwathu," anayankha. "Kuno awerenga ndani? Inu?"

Jenifer sanaphethire. Aliyense ankadziwa kuti iye sanapondeko m'kalasi.

"Awerenga Pauline."

Pauline anali pamkeka pakona, ndodo zake zoyendera zili pambali. Poliyo inamupundula miyendo ali ndi zaka zinayi, ndipo sukulu inali kutali, njira yake mchenga wokhawokha. Choncho bambo ake, amene chifuwa chinawasiyitsa uphunzitsi, ankamuphunzitsa pakhonde m'mawa uliwonse, asodzi akuyanika maukonde kutsogoloko. Tsopano anali ndi zaka khumi ndi zinayi. Za ku pulayimale anali atamaliza, ndipo mwezi womwewo anayenera kuyamba alijebula, masamu a zilembo aja a ku Fomu 1.

Gladys, mlongo wa malemu, mphunzitsi ku Chinguluwe, analanda katoniyo n'kutulutsamo mabuku awiri. Lina linali latsopano, lopyapyala, limene iye mwini anabweretsa pa Khirisimasi. Linalo linali lakale, lochindikala, chikuto chake chosokedwa ndi ulusi wa ukonde.

"Nkhani ndi iyi," anatero Gladys. "Latsopanoli ndi la silabasi ya boma. Mayeso a J.C. amachokera m'menemu. Koma limathamanga, limafuna mphunzitsi pafupi. Ndimutenge mwanayu, azikakhala ndi ine."

"Mumutenge?" anafunsa Jenifer. "Ndaika mwamuna Lolemba, lero ndipereke mwana?"

"Nanga mufuna akhale pano akuyang'ana nyanja?"

"Nonse mukutaya nthawi," analowerera Christopher. "Mwana wolumala mumupatse ma x ndi ma y, adzadya zimenezo? Ndimupezera makina osokera. Komanso mabuku a nthawi ya atsamundawa muzisamala nawo. Ine ndine mlembi wa nthambi ya chipani, ndimamva zimene anthu amanena. Anyamata a Yufi akadzabwera kudzafunsa chimene chikuphunzitsidwa pakhonde pano, ine musadzanditchule."

Gladys anayang'ana pawindo ngati kunja kuli wina akumvetsera.

"Ndi masamu chabe, bambo aang'ono," anatero Pauline motsitsa mawu.

"Akulu akamalankhula umakhala chete!"

"Mulekeni anene," anatero Gladys. "Iwe, bambo ako anasankha buku liti?"

"Sanandiuze, azakhali. Ankangoti latsopano lili ndi njira yachidule, koma lakale silisiya munthu m'mbuyo. Masabata omalizawa onse awiri ankagona nawo kumutu."

Gladys anapukusa mutu. "Lakaleli n'lachikale zedi. Muli mapaundi ndi mashiling'i. Taonani nokha..."

Anatsegula bukulo kuti awaonetse. M'mphepete mwa tsamba lililonse munali zolemba za pensulo, zing'onozing'ono, m'Chichewa. Anawerenga mokweza pang'onopang'ono: "Bwato la a Musa labwera ndi madengu x a utaka. La a Idi labwera ndi owirikiza kawiri. Onse pamodzi ndi khumi ndi asanu. Usathamange, Pau. Yamba wafunsa: chimene sindikuchidziwa n'chiyani?"

Anatembenuza masamba. Mutu woyamba, wachiwiri, wachisanu. Pena panalembedwa kuti, "Apa dumpha, sizibwera pa mayeso." Pena, "Ukafika apa, tsegula buku la azakhali ako tsamba 31." Chakumapeto zilembo zinayamba kupendama, kukula, kutuluka mumzere, mpaka pa mutu wachisanu ndi chinayi pamene pensulo inangolemba theka la liwu.

Gladys anakhala pansi pa thumba la chimanga.

"Achimwene ankadziwa," anatero. Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Koma ngakhale zili choncho, adzamuchongera ndani? Mayankho a kumapeto kulibe. Wina anang'amba."

Jenifer anadzuka n'kulowa kuchipinda. Anabwerako ndi chitini cha tiyi, nachitsegula pamaso pa onse. Munali timapepala topindapinda, tomangidwa m'magulu ndi ulusi, gulu lililonse lili ndi mfundo zake: ili imodzi, ili ziwiri, ili zitatu.

"Anang'amba okha," anatero. "Anati mwanayu ndi wochenjera, koma amakonda kusuzumira. Akamaliza mutu woyamba ndimupatse la mfundo imodzi. Asanamalize, ngakhale alire, ndisamupatse. Anati, 'Iwe ndiwe hedimasitala.'"

Pauline anaseka, kuseka kwake n'kusanduka kulira.

Christopher anayang'ana chitinicho. Kunja lole inaliza hutala. Anatola chipewa chake, nafika pakhomo, kenaka anabwerera. Anasolola pensulo m'thumba la shati n'kuiika pamwamba pa buku lakale lija.

"Ine achimwene anandiphunzitsa ndi makala pakhoma la nkhokwe," anatero osayang'ana munthu. "Ndikalakwa sankamenya. Ankangofufuta ndi chigongono, n'kunena kuti tiyambirenso."