Kamzere ka Pakati pa Thita

"Makatoni khumi ndi anayi," anatero Manthos, akugunda ina ndi phazi. "Zaka makumi atatu, chilembo chimodzi. Akanati alembe za zilembo zonse bwenzi ife titakulira pakhonde."

Froso, mlongo wake, sanaseke. Anali atangochokera kutchalitchi, ku mapemphero a tsiku lachisanu ndi chinayi chimwalirireni bambo awo. Mbale ya tirigu wowiritsa wa pamaliro inali patebulo, yosafika ndi theka lomwe kudyedwa. Anthu anabwera ochepa.

Malemu Aphunzitsi Zervos anaphunzitsa masamu ku Kozani, m'dziko la Greece, mpaka kupuma, koma ukawafunsa ntchito ankati ndi mlembi. Buku lawo linali la thita, chilembo cha Chigiriki chonga dzira lomanga lamba pamimba. Amasamu amachiika pa ngodya, azanyengo pa kutentha kwa mpweya, ndipo makedzana akulu a asilikali ankachilemba pambali pa dzina la wofera kunkhondo. Ana awo anazimva zimenezi pa chakudya chilichonse. Bukulo silinathe.

"Ndinawalonjeza kuchipatala kuti sititaya," anatero Froso.

"Unalonjeza ndiwe. Mwini nyumba akufuna makiyi Lolemba, ine Lamulungu ndikubwerera ku Germany. Kachipinda kako ka ku Athens kalowa makatoni angati? Kapena uzigona pamwamba pake?"

"Kuli Bungwe, achimwene. Ankati Bungwe lidzasindikiza."

"Bungwe! Madala okhalira kapu imodzi ya khofi mpaka dzuwa kupendeka."

Linali Bungwe la Abwenzi a Zilembo. Bambo awo anali wapampando wake, mlembi wake, ndiponso mwini chidindo. Froso anapeza kope la mamembala mu dilowa. Maina khumi ndi awiri. Pambali pa maina khumi oyamba panali thita, wojambulidwa ndi kampasi ndi rula, mwaukhondo ngati wa pa mayeso. Aphunzitsi sankalola mzere wa pamanja, ngakhale pa kapepala kokagulira anyezi.

Dzina la khumi ndi chimodzi linalibe kanthu: Tsiolis. Froso anaimba foni. Anayankha mayi wa mawu otopa.

"Alipo, mwana wanga, ali moyo. Koma m'mawa uno andifunsa ngati ndine nesi watsopano. Zaka makumi asanu tili m'banja."

Froso anapepesa, kenako anafotokoza za makatoni.

"Mapepala? Ife kuno tili ndi makatoni asanu ndi awiri a chilembo cha omega. Ukawafuna bwera ndi galimoto."

Froso anaika foni pansi. Manthos anangovula jekete lakuda, napinda manja a malaya, nanyamula katoni yoyamba. Pamwamba pake anaponyapo zonse za pa desiki.

"Sankhapo tsamba limodzi," anatero ali pakhomo, mawu atatsika. "Ndikagula felemu."

Froso anamva mapazi akutsika masitepe, kenako chivundikiro cha bini la mapepala chikulira kumsewu. Kachiwiri. Kachitatu. Anatsegula katoni ina, nawerenga: Mutu 41, Thita ndi Ine. Anatseka.

Anabwerera ku kope lija. Dzina lomaliza linali la wapampando mwini: S. Zervos. Pambali pake panali kabwalo kozungulira bwino, bowo la kampasi likuonekabe pakati. Kamzere ka pamimba kanalibe. Pansi pake, ndi pensulo, timalemba ting'onoting'ono: "Ndi rula, chonde."

Anayang'ana pa desiki. Panali mbee.

Anatsika masitepe, kope lili m'khwapa, napisa mkono m'bini mpaka paphewa. Anakankha mitu ya ngodya, mitu ya asilikali, zaka ndi zaka za inki ya buluu, kufikira zala zitagwira kamtengo kosalala ka rula.

Manthos anaima ndi katoni yachisanu pamimba, kudikira kuti amupatse mpata.

Froso anatseka chivundikiro, nayala kope pamenepo, nayeza pakati penipeni kawiri, monga bambo awo ankawauzira. Kenako anadula kamzere.